Kusankha Mkono wa Pamwamba wa Pikapu Yokwezedwa

Mseu waukulu wa M1 umadutsa m'boma lathu la Karonga kuchokera ku Chilumba, kupyola pa Nyungwe ndi pa Boma, mpaka kukafika pa mlatho wa Songwe. Mseu umenewu ndi wa phula. Wopita ku Chitipa nawonso masiku ano ndi wa phula. Koma mpunga sulimidwa pa phula ayi. Kuti mukatenge mpunga ku Lufilya, ku Wovwe kapena ku Hara, muyenera kupatuka n'kuloŵa m'miseu ya fumbi. M'chilimwe miseu imeneyi imakhala ya mabampu. M'dzinja imakhala ya matope ndi zigwembe, ndipo kumpoto kwa boma lino mvula imagwa mpaka mwezi wa Epulo, mwina kufika Meyi.

Chifukwa cha ichi eni ena a mapikapu amakweza galimoto zawo kuti zisamagunde pansi. Ena amaika masipuling'i ataliatali. Ena amaika zitsulo zophatikiza pamwamba pa sipuling'i. Galimoto ikakwera imaoneka bwino ndithu, ndipo imadutsa pamene ina ikadakodwa. Koma pakapita miyezi ingapo mwini wake amayamba kudabwa. Matayala akutsogolo akutha mbali imodzi. Chiwongolero sichikumvera. Akapita ku galaja, amakaniko amamuuza kuti, "Bwana, apa pakufunika mikono ina ya pamwamba."

Mwina inu muli ndi pikapu yotere. Mwina ndi ya mwana wanu, kapena ya gulu lanu la alimi. Mwinanso mumangokwera matola popita ku msika. Nkhani iyi ikukukhudzani nonse, chifukwa chitsulo chimenechi ndi chimodzi mwa zitsulo zimene zimagwira tayala lakutsogolo kuti lisagwe.

Kodi mkono wa pamwamba n'chiyani?

Imitsani galimoto pamalo abwino. Pindani chiwongolero mpaka kumapeto. Tsopano suzumirani kuseri kwa tayala lakutsogolo. Muona zitsulo ziŵiri zooneka ngati mphanda ya legeni. China chili m'munsi, china chili pamwamba. Izi ndizo mikono. Amakaniko ndi a m'masitolo amaitcha control arm. Ndi bwino kuliloŵeza dzina limeneli, chifukwa ndi limene limalembedwa pa katoni.

Nthambi ziŵiri za mphandayo zimamangidwa ku chasisi cha galimoto. Pamenepo pali timipira tolimba totchedwa mabushi. Timipira timeneti timalola mkono kukwera ndi kutsika popanda chitsulo kukhulana ndi chitsulo chinzake. Kunsonga kwa mphanda kuli chinthu china chotchedwa bolojointi. Gwirani phewa lanu n'kuzunguza dzanja. M'kati mwa phewa muli fupa lobulungira limene limazungulira m'kachibowo kake. Bolojointi imagwira ntchito chimodzimodzi. Ndi kampira ka chitsulo kozungulira m'chikho cha chitsulo, ndipo kamavekedwa kachisoti ka labala kosunga girizi. Ndi imeneyi imalola tayala kukhota pamene likukwera ndi kutsika m'mabampu.

Si pikapu iliyonse ili ndi mikono yotere. Land Cruiser ya bokosi kumbuyo ilibe. Ma Hilux ena akale okoka ndi matayala onse anayi alibenso. Galimoto zimenezi kutsogolo zili ndi chitsulo chimodzi chachikulu chopingasa chogwira matayala onse aŵiri. Ngati yanu ndi yotere, wina asakugulitseni mikono ya pamwamba. Mulibe poimanga.

Koma Hilux imene inayamba kutuluka m'chaka cha 2005, ndi ina yotsatira ya 2015, ili ndi mikono iŵiri mbali iliyonse, ndi sipuling'i yozungulira pakati. Ford Ranger ya kuyambira 2011 ili chomwecho. Ma Hilux ambiri a zaka za m'mbuyo mwa 2005, ndi Nissan Hardbody, ali nayo mikono, koma m'malo mwa sipuling'i yozungulira ali ndi ndodo yaitali ya chitsulo imene imapotoka. Galimoto zotere anthu amazikweza pongomanga bawuti ya ndodoyo. N'kosavuta, n'chifukwa chake ambiri amapyola muyeso.

Chimachitika n'chiyani galimoto ikakwezedwa?

Taimirirani n'kunyanyamphira pa zala za kumapazi. Mwatalika, eti? Koma tsopano yesani kuyenda choncho pa mseu wa miyala. Akakolo anu afika kale pamapeto. Alibenso malo opindikira.

Galimoto yokwezedwa ili chonchonso. Thupi lake likakwera, matayala amatsala pansi. Motero mikono ija imaloza pansi nthaŵi zonse, ngakhale galimoto itangoima. Kampira ka bolojointi kamakhala kopendekera m'mphepete mwa chikho chake. Tayala likagwera m'dzenje, mkono umafuna kutsika, koma malo atha. Chitsulo chimagunda chitsulo chinzake. Kachisoti ka labala kamang'ambika. Girizi amatuluka, mchenga ndi madzi zimaloŵa. Pa galimoto zina mkonowo umamenya sipuling'i.

Pali vuto lina limene silioneka ndi maso msanga. Tayang'anani njinga yakapalasa. Kuno ku Karonga njinga sizisoŵa. Foloko yake siima chilili ngati mtengo wa bulugama. Kumwamba kwake imapendekera kumbuyo, kwa wopalasa. Kupendekera kumeneku n'kumene kumachititsa njinga kuyenda molunjika, mpaka anyamata ena amapalasa osagwira mahandulo. Tayala la galimoto nalonso lili ndi kupendekera kotere. Amakaniko amakutcha caster. Mukakweza galimoto kwambiri, kupendekeraku kumachepa. Ndiye galimoto imayamba kudzandira pa mseu. Mukakhota, chiwongolero sichibwerera chokha pakati. Dalaivala amafika ku Chilumba mapewa akuŵaŵa chifukwa cholimbana nacho njira yonse.

Tayala limathanso kuima mopendama, kumwamba kwake kutatulukira kunja kapena kutaloŵera m'kati. Tayala lotere limaponda pansi ndi mbali imodzi, ndipo mbali imeneyo imatha msanga pamene ina idakali yatsopano. Mukudziŵa nokha mtengo wa tayala masiku ano.

Zonsezi ndi zotaya ndalama. Choopsa n'chakuti bolojointi yotha ikhoza kuzuka. Ikazuka, tayala limagwera m'mbali, paipi ya mabuleki ikhoza kuduka, ndipo dalaivala sangawongolenso galimoto. Zikachitika pa mseu wa kumunda mukuyenda pang'onopang'ono, mugona kutchire basi. Nanga zikachitika potsika mapiri kuchokera ku Chitipa, kumbuyo muli anthu?

Yambani mwayeza

Musanapite ku sitolo, dziŵani kuti galimoto yanu inakwezedwa motani. Eni ambiri sadziŵa. Anaigula yokweza kale, kapena anangouza makaniko kuti, "Taikwezaniko pang'ono."

Tsitsani katundu yense. Imitsani galimoto pamalo osalala, monga pa simenti. Tengani tepi ya akalipentala kapena ya atelala. Yezani kuchokera pakatikati pa gudumu lakutsogolo kufika m'mphepete mwa madigadi, molunjika kumwamba. Musayambire pansi, chifukwa matayala amasiyana kukula ndi mpweya. Yezani mbali zonse ziŵiri. Lembani manambala m'kope lanu. Kenaka funani mnzanu amene ali ndi galimoto ya mtundu womwewo yosakweza, masipuling'i ake asanafooke. Yezani yakenso. Chotsani nambala yaing'ono ku yaikulu. Chotsalacho ndicho kukwera kwa galimoto yanu.

Nambala yofunika kuikumbukira ndi masentimita 5. Pa katoni amalemba kuti 50 mm, ena amati mainchesi 2. Ndi kutalika kwa bokosi la machesi, pafupifupi.

Ngati galimoto yanu inakwera masentimita 5 kapena kucheperapo, kaŵirikaŵiri mikono imene inabwera nayo imakwanira. Ngati siinapindike, ndipo matayala akutheka kuwongoledwa pa makina, sungani ndalama zanu. Mwina pangofunika mabushi kapena bolojointi yatsopano.

Ngati inakwera kupyola masentimita 5, kufika cha m'ma 7, apo mpamene mikono yapadera imafunika.

Ngati inakwera kuposa apo, mikono yokha siingathetse vuto. Mashafuti okoka matayala akutsogolo nawonso amakhala atapendekera kwambiri. Mapaipi a mabuleki amakhala atakokeka. Mugula ichi lero, maŵa chiwonongeka china. Kwa galimoto yogwira ntchito ya matola, ine ndikuti itsitseni. Kutsitsa n'kotsika mtengo kuposa mikono yatsopano, ndipo wogulitsa zitsulo sangakuuzeni zimenezi.

Pano tinenepo chinthu chimodzi chimene anthu amasokoneza. Kukweza galimoto sikuwonjezera matumba amene inganyamule. Pikapu ya tani imodzi, ukaikweza ndi ya tani imodzibe. Ndiwo matumba 20 a makilogalamu 50, popanda munthu wokhala pamwamba pake. Chasisi, mabuleki ndi matayala ndi omwe aja. Ndiponso galimoto ikatalika siichedwa kugubuduzika pokhota, makamaka katundu akasanjikizidwa kupyola denga. Mtsuko wa pamutu umagwa msanga kuposa wa m'manja.

Mikono ya mitundu iŵiri

M'masitolo muli mikono imene siinapangidwe ndi kampani yopanga galimotoyo. Imeneyi ili mitundu iŵiri, ndipo apa mpamene anthu ambiri amapusitsidwa.

Mtundu woyamba ndi wongotengera. Opanga anatenga mkono wa Toyota kapena wa Ford n'kupanga wofanana nawo ndendende. Ngati ndi wolimba, ndi wabwino pa galimoto yosakweza. Koma pa galimoto yokwezedwa kwambiri suthandiza kanthu. Mavuto onse aja abwerera, chifukwa maonekedwe ake ndi omwe aja.

Mtundu wachiŵiri unapangidwira galimoto zokwezedwa. Malo okhala bolojointi anawapendeketsa, kuti kampira kaja kabwerere pakati pa chikho chake. Anawasunthiranso kumbuyo pang'ono, kuti kupendekera kwa foloko ya njinga kuja kubwerere. Mphanda yake anaitambasula kuti isamenye sipuling'i. Makampani ena odziŵika opanga zotere ndi a ku Australia, monga ARB, Ironman 4x4 ndi Dobinsons, ndipo katundu wawo amagulitsidwa ku South Africa. Mikono yotere ndi yokwera mtengo kwambiri kuposa yongotengera.

Mudzasiyanitsa bwanji? Nyamulani mkono wanu wakale popita kogula. Ugonekeni pansi pambali pa watsopano. Pomanga ku chasisi payenera kufanana ndendende, apo ayi suloŵa. Koma kunsonga kuyenera kusiyana. Ngati zonse zikufanana mpaka kunsonga, umenewo ndi wongotengera, ngakhale wogulitsa alumbire bwanji, ngakhale aupake penti wofiira.

Ndiye ŵerengani pa katoni. Apa mpamene sukulu ija ikugwirirani ntchito. Katoni ya mkono weniweni imatchula mtundu wa galimoto, zaka zimene inapangidwa, ndi muyeso wa kukwera umene mkonowo unapangidwira. Fananitsani ndi nambala ija munalemba m'kope. Katoni yongolemba kuti Hilux basi, popanda zaka, musaikhulupirire. Ma Hilux alipo amitundu yambiri.

Lembaninso nambala ya chasisi ya galimoto yanu. Ili m'buku la galimoto, ndiponso pa kachitsulo komata pafupi ndi injini kapena pa mphuthu ya chitseko. Kopelani chilembo chimodzichimodzi, mosafulumira. Musasokoneze 8 ndi B, kapena 5 ndi S. Wogulitsa wodziŵa ntchito yake adzakufunsani nambala imeneyi musanatchule n'komwe. Amene sakuifunsa, kapena akuti, "Zonse n'zimodzi izi," muchenjere naye. Paja safunsa anadya phula.

Mkono wa kumanja ndi wa kumanzere ndi yosiyana. Pamalembedwa R kapena RH pa wa kumanja, L kapena LH pa wa kumanzere. Kumanja ndi kumanzere timaŵerenga titakhala m'galimoto kuyang'ana kutsogolo. Kuno kwathu dalaivala amakhala kumanja. Gulani yonse iŵiri, ya kampani imodzi. Kuika mkono wapadera mbali imodzi n'kusiya wakale mbali inayo kuli ngati kuvala nsapato phazi limodzi. Galimoto idzakokera mbali.

Yang'anitsitsani bolojointi

Chitsulo cha mkono sichitha msanga. Chimene chimatha ndi bolojointi. Tsono posankha mkono, mukusankha bolojointi imene mudzakhale nayo.

Ina ndi yotsekeratu. Girizi anaikamo ku fakitale, ndipo simungawonjezere. Imakhalitsa ngati kachisoti kake ka labala kali kabwino. Kakang'ambika, masiku ake aŵerengeka.

Ina ili ndi kabele kakang'ono kopopera girizi. Kwa ife a kuno imeneyi ndi yabwino, ngati mwini wake si waulesi. Mukawoloka madzi kapena kuyenda m'matope, mumapopa girizi watsopano, ndipo iye amakankhira kunja madzi ndi litsiro. Koma kabele kopanda woupopera n'kachabe. Ngati mukudziŵa kuti dalaivala wanu sadzagwira pampu ya girizi, bola yotsekeratu.

Mtundu wachitatu mudzauona m'zithunzi za pa foni. Ndi mpira waukulu wa chitsulo wonyezimira, wokhala pamtunda, wopanda kachisoti. Amautcha uniball. Umapindika kwambiri kuposa inayo, ndipo anthu a mipikisano ya galimoto m'zipululu za ku America amaukonda. Iwo akatha mpikisano amatsuka ndi kusintha zitsulo. Inu mukatha ulendo wa ku Kaporo, maŵa lake muli ndi wa ku Wiliro. Mchenga wa m'mbali mwa nyanja ndi matope a m'madambo a mpunga zikaloŵa mu mpira wosavala, zimaupala ngati nsupa pa mpeni. Umayamba kulira, kenaka kugwedera. Ndi wokongola ndithu, koma si wa miseu yathu.

Tsono funsani funso ili, ndipo musachoke musanayankhidwe: "Bolojointi iyi ikatha, ndingasinthe yokhayo? Nanga ndikaipeza kuti?" Pa mikono ina bolojointi inamatidwiratu. Ikatha mumataya mkono wonse. Pa ina imachoka, koma ndi ya mtundu wakewake umene uyenera kuitanitsidwa kunja. Galimoto idzakhala pa miyala mwezi wathunthu kudikira kachitsulo kokwana m'dzanja, pamene anzanu akututa mpunga. Mkono wabwino kwa inu ndi umene bolojointi yake ingapezeke pa Karonga Boma, kapena ku Mzuzu. Pajatu Mzuzu yomweyo ili pa mtunda wopitirira makilomita 200, kudzera pa phiri la Chiweta. Ngati ndalama zilipo, gulirani limodzi bolojointi ina yosungira.

Gwirani bolojointi yatsopanoyo ndi dzanja. Iyenera kukhala yolimba, yoyenda movutirapo koma mosalala. Ngati ikugwedera kapena kulira idakali m'sitolo, isiyeni. Finyani kachisoti kake. Labala wabwino ndi wofeŵa, amabwerera. Wouma kapena wa ming'alu anakhalitsa pa shelefu, kapena ndi wachabechabe chiyambire.

Mabushi ndi chitsulo

Mabushi a labala wakuda ndiwo abwino pa galimoto ya ntchito. Salira, safuna girizi, ndipo amameza mabampu. Ena ndi a pulasitiki yolimba ya mitundu, yofiira, yachikasu kapena yabuluu. Ameneŵa amafuna girizi wakewake, ndipo akauma amalira ngati chitseko cha nkhokwe. Pali amisiri ena aluso amene amasema mabushi ku matayala akale. Angakupulumutseni tsiku limene mwafera kutali ndi tauni. Koma pa mkono wa pamwamba si okhalitsa, chifukwa bushi likalekerera pang'ono pokha tayala limayamba kuvina.

Mikono ina ndi ya chitsulo chopinda, ina ya mapaipi owotcherera, ina ya chitsulo chosula, ina ya aluminiyamu. Ngati simukudziŵa, tengani maginito wa m'sipika ya wailesi yakale. Pa chitsulo amamata, pa aluminiyamu samata. Aluminiyamu ndi wopepuka ndipo sachita dzimbiri, koma mng'alu wake ndi wovuta kuuona. Chitsulo kaŵirikaŵiri chimayamba chapindika chisanathyoke, motero chimakuchenjezani. Ngati ndi wa mapaipi, yang'anani mowotcherera. Muyenera kukhala mosalala, mwa mizere yofanana ngati mamba a chambo. Mukaona timabowo, zibuluma kapena penti wochindikala pamalo amodzi, dziŵani kuti pabisika kanthu.

Wina adzakuuzani kuti, "Mutayirenji ndalama? Tidule wakale womwewu, tiwonjezere kachitsulo, tiwotcherere." Kanani. Mmisiri ameneyo mwina ndi katswiri pa mafelemu a zitseko ndi ngolo. Koma felemu likathyoka palibe amafa. Mkono umagwedezeka kambirimbiri pa ulendo umodzi wokha, ndipo umadzathyokera pambali penipeni pa chowotchereracho. Chimodzimodzinso mkono wopindika pa ngozi. Kuuwotcha pa moto n'kuuwongola ndi hamala kumaufooketsa.

Mikono yakale yochotsa ku galimoto zina imapezekanso. Ngati galimoto yanu siinakwere kwambiri, mkono weniweni wa Toyota wogwirapo ntchito ukhoza kuposa watsopano wachinyengo. Funsani kuti galimotoyo inafa ndi chiyani. Ngati inagunda kutsogolo, musagule.

Kogula ndi mtengo wake

Ife a ku Karonga tili pafupi ndi Tanzania. Anthu ambiri amawoloka pa Songwe kukagula zitsulo ku Kyela kapena ku Mbeya. Ena amaitanitsa ku Dar es Salaam, ku Lilongwe kapena ku Johannesburg pa foni. Kulikonseko kuli katundu wabwino ndi woipa. Dzina lalikulu pa katoni si umboni, chifukwa katoni amasindikiza aliyense. Yang'anani ngati dzinalo ndi nambala zinadindidwa pa chitsulo penipeni. Mikono yapadera yeniyeni imabwera ndi pepala lofotokoza kamangidwe kake.

Poŵerengera mtengo musaiŵale thiransipoti, kusintha ndalama, ndi msonkho wa MRA pa chipata. Onjezaninso malipiro a makaniko ndi a makina owongola matayala. Nthaŵi zina mukaphatikiza zonse mupeza kuti wa ku Mzuzu ndi wa kutsidya mtengo wake ndi umodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti wa kuno mukhoza kukaubweza. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a ogula amene apusitsidwa m'dziko muno. Mukagula kunja, kudandaula n'kovuta.

Taŵerengani masamu aŵa. Mkono wina mtengo wake ndi theka la unzake. Koma pa zaka ziŵiri mwagula katatu. Theka katatu ndi chimodzi ndi theka. Mwalipira kale kuposa wodula uja. Makaniko mwamulipiranso katatu. Matayala amene anadyeka sitinaŵerenge.

Pogula itanitsani lisiti. Palembedwe tsiku, dzina la sitolo, dzina la chitsulo, mtundu wa galimoto ndi ndalama zimene mwapereka. Liŵerengeni musanatuluke. Ngati mukuitanitsa pa foni, uzani wogulitsa atumize chithunzi cha mkono weniweniwo ndi cha nambala ya pa katoni, musanatumize ndalama. Tumizani kwa munthu amene anzanu anagulako kale.

Tsiku lomanga

Khalanipo nokha pa galaja. Simukunyoza makaniko ayi. Galimotoyo ndi yanu.

Galimoto isakhale pa jeke pokha. Paikidwe zochirikiza zolimba pansi pa chasisi. Mabawuti a mabushi a labala asamangidwe kotheratu galimoto ili m'mwamba. Amangidwe pang'ono, galimoto itsitsidwe iponde pansi, ndiye amangitsidwe. Akamangitsa ili m'mwamba, labala amapotoka galimoto ikatsika, ndipo mabushi atsopano amang'ambika m'miyezi yochepa. Amakaniko ofulumira amadumpha zimenezi.

Nati ya bolojointi, ngati ili ndi mipata kumutu, imafuna kapini kake katsopano kotsekera. Isakhale yopanda kanthu. Onaninso kuti paipi ya mabuleki ndi waya wopita ku gudumu zamangidwa m'malo mwake, sizikukokeka, sizikukhula pa chitsulo.

Galimoto idakali m'mwamba, matayala ali lende, loŵetsani chala pakati pa mkono ndi sipuling'i. Payenera kukhala mpata. Ikatsika, pindani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziŵiri. Tayala lisakhudze mkono. Matayala otambalala kwambiri ndiwo amakonda kukhula pamenepa.

Mukatero pitani ku makina owongola matayala. Kuwongola ndi chingwe kapena ndi maso kungokufikitsani kumene kuli makinawo. Muuzeni wa makinayo kuti galimoto ndi yokwezedwa ndipo mikono ndi yatsopano. Akupatseni pepala la manambala. Lisungeni pamodzi ndi lisiti lija m'buku la galimoto. Muwauzenso a inshuwalansi kuti galimoto inakwezedwa, kuti tsiku la ngozi asadzapeze pothaŵira. Oyesa galimoto a COF nawo amayang'ana ngati zitsulo za kumiyendo zikugwedera.

Pakatha sabata imodzi ya ntchito, bwererani ku galaja akaonenso mabawuti onse. Pambuyo pake, kamodzi pa mwezi, kwezani gudumu ndi jeke. Gwirani tayala kumwamba ndi kumunsi, n'kuligwedeza mwamphamvu. Wina asuzumire kuseri. Ngati pa bolojointi pakuoneka kuseŵera, kapena mukumva kuti gu, gu, galimoto isanyamule anthu mpaka itakonzedwa.

Ntchito yonseyi ichitike mu Okutobala kapena Novembala, mvula isanayambe. Nthaŵi imeneyo miseu ndi youma, katundu woitanitsa amafika msanga, ndipo ndalama za mpunga zimakhala zisanathe. Gulanitu chitini cha girizi ndi pampu yake, muziike kuseri kwa mpando wa dalaivala pamodzi ndi jeke.